Asilikari a Mtobvu ndi Amisiri Ao

Palibe mudzi m'dziko lino kumene anyamata sanaumbepo ng'ombe za dothi m'mphepete mwa dambo, naziika nyanga za minga, nazimangira khola la timitengo. Ana a m'makomboni a ku migodi, posowa dambo, amatola waya napinda magalimoto. Zoseweretsa zotere zimatha msanga. Mvula ikagwa, ng'ombe ija ibwerera ku dothi, ndipo palibe wofunsa kuti anaiumba ndani. Koma ku Ulaya kuli mtundu wina wa zoseweretsa umene sunathe msanga cotero, ndiwo asilikari ang'onoang'ono a mtobvu ndi a tini, amene ana a kumeneko anasewera nao zaka pafupifupi 200. Ana anawasiya kale. Amene awasunga lero ndiwo akuluakulu a imvi, amene amawafunafuna m'misika ya zinthu zakale, nawandandalika m'makabati a galasi pamodzi ndi timapiri, timitengo ndi tinyumba, kuti aoneke monga nkhondo yeniyeni.

Munthu wotere akapeza kamsilikari kakale sayamba wayang'ana nkhope yace iai. Amakatembenuza nayang'ana kunsi kwa mapazi, monga acita wogula ng'ombe poyang'ana mano. Funso lace ndi ili: kodi anakapanga ndani, kuti, ndipo liti? Pofuna kuliyankha, anthu ena ataya zaka zambiri za moyo wao, ndipo apeza zinthu zimene sanali kuzifuna poyamba: amisiri oiwalika, mafakitale opserera, ndi anthu amene anamenya nkhondo koma osapatsidwa malo m'bokosi.

Ena mwa magulu akale koposa a asilikari osema anapezeka muno m'Africa. Ku Asyut, m'dziko la Egypt, m'manda a nduna ina dzina lace Mesehti, imene inakhala ndi moyo zaka ngati 2,000 Kristu asanabadwe, munali magulu awiri a asilikari a mtengo, gulu liri lonse pa thabwa lace. Lina ndi la eni dziko 40 a nthungo ndi zishango. Linzace ndi la anthu akuda 40 a ku Nubia, kumtunda kwa mtsinje wa Nile, onyamula mauta ndi mibvi. Atapezeka anakasungidwa ku Cairo. Koma amenewa sanali a ana; anawasema kuti alonde mbuye wao kumanda.

Mbiri ya zoseweretsa zenizeni iyamba ku Nuremberg, mzinda wa ku Germany umene unachuka kalekale ndi amisiri osungunula tini, opanga mbale, zikho ndi masupuni. M'zaka za m'ma 1770 mmodzi wa iwo, Johann Gottfried Hilpert, pamodzi ndi abale ace, anali kuthira tini m'zikombole zazing'ono ndi kutulutsa zifaniziro za nyama, za anthu a nchito zosiyanasiyana, ndi za Mfumu Frederick wa ku Prussia. Cikombole cace cinali miyala iwiri ya sileti, yonga ija ana a sukulu akale anali kulembapo. Mmisiri anali kugoba mbali imodzi ya munthu pa mwala wina, mbali inzace pa mwala unzace; akaphatikiza miyalayo nathira citsulo cosungunuka, kanali kutuluka kamunthu kopyapyala ngati ndalama ya tiki. Ukakayang'ana ca m'mbali uona cipewa, lamba ndi mabatani omwe. Ukakayang'ana ca kumaso uona kamzere cabe.

Ernst Heinrichsen, amene anatsegula nchito yace mu mzinda womwewo m'caka ca 1839, anacita cinthu cooneka cacing'ono koma cothandiza ndithu. Anapanga asilikari ace pa muyeso umodzi, ngati mamilimita 30, kuti ogulidwa caka cino alingane msinkhu ndi ogulidwa caka catha. Amisiri ena anamtsata, ndipo muyesowo ukali kuchedwa wa Nuremberg. Asilikariwo anali kugulitsidwa poyesa kulemera kwao, monga agulitsa misomali, m'timabokosi tobulungira ta mtengo wopyapyala. M'masiku omwewo, m'caka ca 1838, Hans Christian Andersen wa ku Denmark anatulutsa nthano yace ya kamsilikari kamene kanabadwa ndi mwendo umodzi cifukwa tini wa supuni yakale anatha kasanakwanire. Wolembayo anaidziwa nchitoyi, pakuti citsulo cikacepa kapena cikazizira msanga sicifika m'ngodya zonse za cikombole.

Ku Paris amisiri sanakonde anthu opyapyala. Nyumba ya Lucotte, ndiponso ya anthu atatu Cuperly, Blondel ndi Gerbeau, imene pambuyo pace inachedwa Mignot, zinapanga asilikari obulungira thupi lonse, odzaza citsulo m'kati, okongola koma a mtengo wapatali, oyenera ana a anthu acuma. Cizindikiro ca Lucotte cinali njuci pakati pa malemba L ndi C, ndipo osonkhanitsa akaiona njuciyo mtima umagunda. Koma amene anadzaza maiko ndi asilikari obulungira ndiye Georg Heyde wa ku Dresden, kuyambira m'zaka za m'ma 1870. Heyde sanakhutire ndi mizere ya anthu oguba. M'mabokosi ace munali misasa yathunthu: asilikari ophika, otunga madzi, onyamula obvulala, pamodzi ndi mahema, mitengo ndi moto wa pa msasa, kotero kuti mwana potsegula bokosi anali kupeza nkhani yonse.

Za Heyde yemweyo ndizo zibvuta koposa kuzilondola. M'mwezi wa February 1945 ndege za Angerezi ndi Amerika zinatentha mzinda wa Dresden, ndipo fakitale ija inapserera pamodzi ndi zikombole ndi mabuku ace. Asilikari ambiri a Heyde alibe dzina pa thupi pao, pakuti cizindikiro cinali pa bokosi, ndipo bokosi la mwana silikhalitsa. Tsono panali amisiri ena a ku Germany, monga Haffner, amene nchito yao ifanana ndi ya Heyde, ndipo ogulitsa ambiri, posadziwa kapena mwadala, amangochula zonse kuti Heyde cifukwa dzinalo likweza mtengo. Wofuna zoona ayenera kufunafuna mabuku akale a malonda amene anapulumuka m'maiko ena, ndi kulinganiza mutu ndi mutu, kavalo ndi kavalo, monga acita akulu a m'mudzi polondola mbumba imene makolo ace onse anatha.

Kufikira caka ca 1893 ana a ku England anali kusewera ndi asilikari ocokera ku Germany ndi ku France. M'caka cimeneco banja lina la opanga zoseweretsa ku Hornsey Rise, kumpoto kwa London, linatulutsa njira yatsopano, ndipo amene achulidwa kuti anaitulukira ndiye William Britain wamng'ono, mwana wa mwini nchito. Omvera amene amagwira nchito pa ng'anjo za ku Mufulira adziwa kuti citsulo cosungunuka cimayamba kuuma m'mbali, pamene cakhudza cotengera cozizira, m'kati mukali madzi. Nzeru ya Britain inali yomweyo. Wothira anali kugwira cikombole m'dzanja limodzi, natunga mtobvu wosanganiza ndi antimoni m'dzanja linalo, nathira. Asanapume kawiri anali kutembenuza cikomboleco, ndipo mtobvu wa m'kati, wosaumawo, unali kubwerera mumphika kudzera pa kabowo. Potsegula anali kupeza msilikari wathunthu kunja koma wopanda kanthu m'kati, ngati cigoba ca dzira. Kabowo kaja kaoneka kufikira lero, kawirikawiri pamutu, ndipo ndiko cizindikiro coyamba cimene osonkhanitsa amafuna. Nchitoyi inali ya dzanja ndi diso. Wothira akafulumira, msilikari anali kutuluka wobooka. Akacedwa, anali kutuluka wolemera, ndipo mwini fakitale anali kutaya mtobvu.

Msilikari wa cigoba anadya citsulo cocepa, napepuka potumiza, nachipa. Bokosi la asilikari 8 oyenda pansi, kapena 5 a pa akavalo, linali kugulidwa ndi sheleni imodzi, ndipo sitolo yaikuru ya Gamages ku Holborn inagulitsa ambirimbiri. Muyeso wao unali mamilimita 54, ngati cala cacing'ono ca munthu wamkuru, kuti alingane ndi masitima oseweretsa a masiku amenewo. Banja la Britain linasamala kwambiri zobvala za gulu liri lonse la nkhondo, mtundu wa malaya ndi maonekedwe a cisoti, pakuti ana Acingerezi anali kuwaona asilikari enieniwo m'miseu ndipo sakananyengeka.

Pamene pali uci ntchentche sizicedwa. Anthu ena, ndipo pakati pao panali amene anaphunzira nchito kwa Britain yemwe, anatsegula mafakitale ao. Ena anangotenga msilikari wa Britain naumbirapo cikombole cao. Tsono ku England kunali lamulo lakale la caka ca 1814 loteteza osema zifaniziro, lakuti munthu asatengere nchito ya mnzace ngati mwiniyo walembapo dzina lace ndi tsiku limene anaipanga. Kuyambira caka ca 1900 a Britain anayamba kulemba dzina ndi tsiku kunsi kwa asilikari ao, poyamba pa kapepala komata, kenaka m'citsulo mwenimwenimo. M'caka ca 1902 anasumira a Hanks Brothers, ndipo mlandu unali wakuti: kodi kamsilikari ka pa kavalo, koseweretsa mwana, kangachedwe cifaniziro cosema monga zija ziima m'mabwalo a mizinda? Woweruza anabvomera, ndipo a Britain anapambana.

Iwo anali kuteteza malonda ao cabe, koma anasiyira osonkhanitsa a m'tsogolo cuma cacikuru. Komabe tsiku lolembedwalo lanyenga anthu ambiri. Silinena tsiku limene kamsilikari kameneko kanathiridwa, koma limene cifaniziro coyamba cinapangidwa, ndipo cikombole cimodzi cinagwira nchito zaka zambiri. Cifukwa cace wodziwa amayang'ananso zina. Asilikari oyenda pansi akale koposa aima pa kacitsulo kobulungira, a pambuyo pace pa ka ngodya zinai. Akale ali ndi ndebvu za pamlomo, a m'tsogolo alibe. Amayang'ana mtundu wa utoto, ndi mkono ngati uli womatirira kapena woyenda, ndi pepala la pa bokosi, pakuti mapepala ambiri anajambulidwa ndi Fred Whisstock amene anali kulembapo dzina lace. Zonsezi anthu monga James Opie anazisonkhanitsa m'mabuku akuluakulu, bokosi ndi bokosi, nambala ndi nambala. Cimene cidabwitsa mlendo n'cakuti msilikari wosupuka utoto aposa mtengo wopakidwa mwatsopano, ndipo bokosi long'ambika la pepala nthawi zina likweza mtengo koposa asilikari a m'katimo. Mdani wao wamkuru ndiye nthenda ya mtobvu: msilikari amayamba kutuwa, nasanduka ufa woyera, makamaka akasungidwa m'malo a cinyezi kapena m'kabati ya mtengo wa oak, umene umatulutsa mpweya wodya mtobvu. Ambiri amene anapulumuka m'manja mwa ana anafera m'makabati okongola a akuluakulu.

Pali dzina limodzi limene silipezeka kunsi kwa msilikari ali yense, ndilo la wopaka utoto. Othira anali amuna, koma opaka ambiri anali akazi ndi atsikana, ena m'fakitale, ena m'nyumba zao, olipidwa monga mwa kuculuka kwa asilikari amene atsiriza. Kadontho ka diso, kamzere ka lamba, kufiira kwa tsaya, zonse zimene osonkhanitsa amazitama ndi kuzilipira ndalama zambiri, zinacokera m'manja mwa akazi amenewo. Wosonkhanitsa angathe kunena caka, nambala ya bokosi ndi sitolo imene inagulitsa. Akafunsidwa za mai amene anapaka, amangokhala cete.

Kusonkhanitsa kumabala cilakolako cina, ca kuwaimika asilikariwo pa malo onga enieni. Cionetsero cotere cichedwa diorama, dzina limene Louis Daguerre anapatsa zithunzi zace zazikuru zimene anaonetsa ku Paris m'caka ca 1822. Ku Kulmbach, m'linga lakale la Plassenburg ku Germany, kuli nyumba yosungiramo anthu a tini oposa 300,000, ndipo cionetsero cace cacikuru, ca kupasuka kwa mzindawo m'caka ca 1553, ciri ndi anthu 19,385. Koma wokonza diorama ali ndi bvuto limene wolemba buku alibe. Wolemba angathe kunena kuti ena amati zakuti, ena amati zakuti. Wokonza diorama ayenera kusankha ola limodzi, ndi kuimika munthu ali yense pa malo amodzi. Amene anaphunzira zimenezi mowawa ndiye Kaputeni William Siborne.

M'caka ca 1830 akulu a nkhondo a ku England anamtuma Siborne kuti apange cionetsero ca nkhondo ya ku Waterloo, kumene Napoleon anagonjetsedwa pa 18 June 1815. Munthuyo anali wosamala kopitirira. Anakhala miyezi 8 pa bwalo la nkhondolo ku Belgium, pa famu ya La Haye Sainte, nayesa citunda ciri conse ndi munda uli wonse. Kenaka analembera makalata akapitao a nkhondo amene anali ndi moyo, nawafunsa kuti gulu lao linaima pati ca m'ma 7 koloko madzulo, pamene nkhondo inafika pa cimace, ndi kuti m'minda munali mbeu zanji. Analandira mayankho ngati 700. Anafunsanso akulu a nkhondo a ku Prussia, pakuti asilikari ao, otsogozedwa ndi Blücher, anamenya nao tsiku limenelo. Nchito iri pakati, boma linaleka kupereka ndalama, ndipo Siborne anapitiriza ndi zace ndi za ngongole. M'caka ca 1838 cionetsero cinatsegulidwa ku Egyptian Hall, mu London. Cinali ndi tianthu toposa 70,000, kali konse kocepa ngati njere ya cimanga, kamodzi kuimira asilikari awiri. Anthu anabwera unyinji, koma ndalama za pakhomo sizinathetse ngongole zace.

Bvuto linali ku mbali ya kum'mawa kwa cionetseroco. Potsata makalata ace, Siborne anaimikapo asilikari a ku Prussia zikwi zambiri, atalowa kale m'kati mwa nkhondo, cinkana Angerezi ambiri anazolowera kumva kuti iwowo anafika nkhondo iri pafupi kutha. Duke of Wellington, amene anatsogolera Angerezi tsiku lija, ndipo tsopano anali munthu wolemekezeka koposa m'dzikomo, sanakondwere naco. Iye anaona kuti anthu a pakati pa utsi sangakumbukire bwino ola limene cinthu cinacitika, ndipo m'menemo munali zoona ndithu. Koma n'zoonanso kuti kuculuka kwa Aprussia pa thabwa kunacepetsa ulemu wa Angerezi. Siborne, womangidwa ndi ngongole ndi woyembekeza kuti boma ligule nchito yace, potsiriza anacotsa Aprussia ambiri. Boma silinagule, ndipo iye anamwalira m'caka ca 1849. Olemba mbiri akali kutsutsana za kukula kwa mlandu wa Wellington pa nkhaniyi. Cionetsero ciri ku National Army Museum mu London, ndipo makalata aja, amene mwana wace anasindikiza ena a iwo m'caka ca 1891, ndiwo umboni umene wolemba za Waterloo ali yense amayambirapo.

Za ana amene anasewera nao asilikariwa zinganenedwe mwacidule. Winston Churchill anali nao pafupifupi 1,500, ndipo analemba yekha kuti atate wace, atawaona ali m'mizere, anamfunsa ngati afuna kulowa usilikari, ndipo moyo wace unakhotera pomwepo. H. G. Wells anatulutsa buku la malamulo a masewerawa, Little Wars, m'caka ca 1913, naganiza kuti anthu akamenyana ndi asilikari a mtobvu adzazindikira kupusa kwa nkhondo yeniyeni. Patapita caka cimodzi nkhondo yaikuru inabuka. Itatha, makolo ambiri otaya ana ao sanafunenso kuona mfuti m'nyumba, ndipo m'caka ca 1921 a Britain anayamba kuthira ng'ombe, nkhosa, nkhuku ndi alimi. Ana a ku London anafika pamene anyamata a m'madambo a kuno anali kale.

Nanga anthu a muno m'Africa anaoneka bwanji m'mabokosi amenewa? Oyamba kuchuka anali Azulu, othamanga ndi nthungo, zibonga ndi zishango za cikopa zonga zija Angoni a ku Chipata amanyamula pa Nc'wala. Anawapanga kuti akhale adani, ogwetsedwa ndi a malaya ofiira. Kufikira lero okonza diorama amakonda kwambiri nkhondo ya ku Rorke's Drift, kumene Angerezi ngati 150 anachinjiriza nyumba ya mishoni usiku wonse, makamaka ciyambire kanema wa Zulu wa caka ca 1964. Koma tsiku lomwelo, pa 22 January 1879, mtunda wocepa kucokera pamenepo, ankhondo a Mfumu Cetshwayo anali atagonjetseratu gulu lalikuru la Angerezi pa Isandlwana, napha anthu oposa 1,300. Wosankha comwe aike m'galasi wasankhanso comwe alendo ace adzakumbukira.

M'caka ca 1925 a Britain anatulutsa bokosi la nambala 225, la King's African Rifles. Amenewa sanali adani. Anali asilikari akuda a makabudula a kaki ndi zisoti zazitali, mfuti pa phewa, oguba mwa ulemu monga magulu ena onse. Gulu lenileni la dzinalo linakhazikitsidwa m'caka ca 1902, ndipo mabataliyoni ace awiri oyamba anali a ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi, likulu lao ku Zomba. Kuno kunali Northern Rhodesia Regiment, imene inapatuka ku gulu la apolisi m'caka ca 1933, nimenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland m'caka ca 1940 ndi ku Burma m'caka ca 1944. Banja limene agogo ace anabwera ndi mamendulo kucokera ku nkhondo zimenezo likaona kamsilikari ka bokosi 225 lingazindikire zobvala zija.

Koma monga cionetsero ca Siborne cinatsala copanda Aprussia ambiri, m'bokosi limeneli mulibe anthu amene nkhondo ya 1914 kufikira 1918 inadya koposa kuno, ndiwo amtengatenga. Kunalibe njanji yopita ku malire a kumpoto, kumene Ajeremani anali, ndipo cakudya ndi zipolopolo zinayenda pa mitu ya anthu, kucokera ku njanji kufikira ku Kasama ndi ku Abercorn, kumene tsopano ndi Mbala, zina m'mabwato a m'madambo a Bangweulu. Amuna zikwi makumi ambiri anatengedwa m'midzi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi cifuwa osaombapo mfuti. Mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November 1918, napereka zida ku Abercorn pa 25 November. Wofuna kukonza diorama yoona ya tsiku limenelo sangakwanitse ndi asilikari oguba okha. Ayenera kupezanso mzere wautali wa anthu opanda nsapato, akatundu pamutu.

Masiku a mtobvu anatha mwa njira iyi. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera pulasitiki, wopepuka, wochipa ndi wosathyoka msanga, ndipo m'caka ca 1959 a Britain anagula kampani ya Herald imene inali kupanga asilikari abwino a pulasitiki. Nthawi yomweyo madokotala anali kucenjeza kolimba kuti mtobvu ndi ululu, ndipo mwana ali yense amaika coseweretsa m'kamwa. M'caka ca 1966 a Britain analeka kuthira asilikari a cigoba a mtobvu, patapita zaka 73, ndipo caka cotsatira boma la kumeneko linaika malamulo ocepetsa mtobvu mu utoto wa zoseweretsa. Kuleka kumeneku ndiko kunakweza mtengo wa asilikari akale. Dzina la Britain linagulidwa ndi kampani ya Ertl ya ku America m'caka ca 1997, ndipo asilikari a citsulo opangidwa masiku ano ndi a akuluakulu osonkhanitsa. Pa mabokosi ao palembedwa kuti si oseweretsa ana.

Citsulo cimeneco anthu a dziko lino acidziwa bwino koposa osonkhanitsa a ku Ulaya. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, m'caka ca 1902, caka comweco ca mlandu wa a Britain ndi a Hanks. Njanji inafika m'caka ca 1906, ndipo mgodi ndi ng'anjo zace zinagwira nchito kufikira 1994. Utsi ndi pfumbi la zaka zonsezo zinatsikira m'dothi la makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtobvu ukalowa m'thupi la mwana umaononga magazi ndi ubongo, numcedwetsa kukula ndi kuphunzira, ndipo a World Health Organization amanena kuti palibe muyeso wace, ngakhale wocepa, umene uli wabwino m'magazi. Madokotala amene anayesa ana a m'makomboni amenewo mgodi utatsekedwa kale anapeza ambiri ali ndi mtobvu wopitirira kutali muyeso umene ufuna mankhwala. M'caka ca 2016 World Bank inabvomera ndalama zothandiza kuyesa ana, kuwapatsa mankhwala ndi kukwirira dothi loipalo, koma m'caka ca 2019 a Human Rights Watch analemba kuti mulu waukuru wa zotsala za mgodi unali cikhalire wosaphimba, ndi kuti ana anali kusewerabe m'pfumbi la m'mabwalo ndi m'miseu ya pafupi nao.